Mtsikana Wokana Kufufutika

Magetsi apita, mafoni azima, ndiye sendererani kufupi ndi mbaulayi mumve za Fatsani, munthu amene ankagumula mizinda ndi chala chimodzi. Enanu munaionera filimu yake ija ndipo munaomba m'manja. Sindikukudzudzulani, inali yokoma. Koma pali kachigawo kamodzi kamene sikanafike muholo, ndipo nkhani yanga ili pamenepo.

Fatsani anali ndi kachipinda ku Limbe, pamwamba pa shopu ya matayala, ndipo m'menemo ndi mmene ankachitira matsenga ake a pakompyuta. Mukamupatsa chithunzi cha msika wodzaza anthu, ankakubwezerani msika uli zii, wopanda ngakhale galu. Mukamupatsa ana asukulu ochepa ataima kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, ankawachulukitsa mpaka kukhala chikhamu, n'kuwaika pansi pa thambo lofiira ngati dziko likupsa. Ankakonda kudzitama kuti ntchito yake ikayenda bwino palibe amaiona, chifukwa pamene wafufuta sipatsala chipsera. Mkazi wake Esinta, wogulitsa kaunjika, ankamuseka kuti munthu wodziwa kuchotsa khamu lonse mumsika amalephera kuchotsa mbale yake patebulo.

Chaka chimenecho anamulemba ntchito a Namakhwa, mkulu wojambulitsa mafilimu, munthu wa mawu aakulu amene sankadziwa kunong'ona. Filimu yawo inali ya achinyamata. M'nkhaniyo dziko latha, akuluakulu onse afa, atsala ana okhaokha akuyendayenda m'mabwinja kufunafuna madzi. A Namakhwa ankati ana a masiku ano simungawapusitse ndi makatoni opaka penti, aona zambiri pa mafoni awo, ndipo ngati dziko la m'filimu silikuoneka kuti latheratu adzatuluka muholo nkhani isanafike pakati. Fatsani anayesa kumanga mabwinja pakompyuta, koma nyumba zake zinkagwa mwaulemu kwambiri, ngati mabisiketi onyowa mu tiyi. Iye mwini ankaona kuti sizikuopsa aliyense.

Miyezi yomweyo napolo anali atadutsa m'dera lina la m'munsi mwa phiri. Matope anatsika ndi miyala yake, anakokolola nyumba, n'kusiya chigwa cha dothi lofiira pamene panali makomo a anthu. Ena anapezeka n'kuikidwa m'manda. Ena anatsala pansi pomwepo. A Namakhwa atapita kukaona, anabwerako maso akuwala, n'kuuza Fatsani kuti asiye kuvutika ndi mabisiketi akewo, mabwinja enieni apezeka, akungodikira kamera. Fatsani anadziwa kuti si bwino, zoona, koma sanakane. Chimene chinamubwerera m'mutu chinali chakuti dothi lofiira lija lidzagwirizana bwino ndi thambo lake.

Anapita kukajambula m'mawa wa chifunga. Ana ochita seweroli anavala sanza zong'ambidwa dala, kumaso atapakidwa makala, ndipo ankaseka mpaka pamene anatsika m'galimoto n'kuona malowo. Apo kuseka kunatha kokha. Chigwacho chinali chosalala kuchokera kuphiri mpaka kumsewu, chopanda mtengo, chopanda khoma. Chinthu chokha choimirira chinali kamtengo kofika m'chiuno, kozikidwa pakati pa matope, kumutu kwake atamangako kansalu ka buluu.

Zigawo zoyamba anajambula kamtengoko kali pomwepo. Itafika nthawi yoti ana athamange modutsa pakati, a Namakhwa anakuwa kuti kakuwononga chithunzi, dziko lotha silikhala ndi mbendera. Fatsani akanatha kunena kuti adzakafufuta pakompyuta, popeza ndiyo inali ntchito yake. Koma anaganizira za ana onsewo akudutsa kutsogolo ndi kumbuyo kwa kamtengoko, ndi masiku amene kufufutako kudzamudyera, ndiye ulesi unamugwira. Anapita yekha n'kukazula. Kanali kolimba, koonetsa kuti wokazikayo anakhomera ndi mwala. Anakaponya chakumbali, ndipo kanakagwera m'ngalande yaitali imene madzi anakumba m'mphepete mwa chigwacho. Anadziuza kuti akamaliza akatola n'kukabwezera. Masana mvula inagwa yamphamvu, aliyense anathamanga kuteteza makamera, ndipo za kamtengo zinatsala komweko.

Atabwerera ku Limbe anayamba ndi zigawo zoyamba zija, zimene kamtengo kankaonekamo. Anakafufuta mosamala, chithunzi ndi chithunzi, mpaka ndi mthunzi wake womwe. Popeza kabokosi kake kosungira zithunzi kanali katadzaza, anasunga zoyeretsedwazo n'kutaya zoyambirira. A Namakhwa ataona anamumenya paphewa n'kunena kuti ngakhale mfiti singadziwe kuti pamenepo panali kanthu. Fatsani anasangalala ndi mawu amenewo.

Chinayamba ndi fungo. M'mawa wina atatsegula chitseko cha kachipinda kake, anamva fungo la dothi lonyowa, lija limamveka munthu akamakumba. Anayang'ana kudenga, sikunadonthe. Anatsegula mazenera n'kupitiriza ntchito. Tsiku lotsatira zilembo zina za pakompyuta zinkakana kudinika, ndipo atazitokosa ndi kachitsotso munatuluka dothi lofiira, lidakali lofewa. Anati mwina analibweretsa yekha m'zikhadabo, ngakhale kuti sabata inali itadutsa chichokereni kuchigwa kuja.

Kenako mayi wogulitsa matayala pansi paja anamuimitsa pamasitepe. Anamupempha mwaulemu kuti auze mlendo wake azipukuta mapazi, chifukwa m'mawa uliwonse iye amapeza masitepe atanyowa kuchokera pansi mpaka pakhomo la Fatsani. Fatsani anayankha kuti salandira mlendo aliyense. Mayiyo anangoti basi, ndiye kuti ndi mphaka, n'kulowa mushopu mofulumira. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kumupatsa moni wautali.

Kunyumba nakonso, Esinta anadzuka n'kupeza patapata wake palibe pakhomo. Anatukwana agalu a oyandikana nawo, anafunsa ana a pamalopo, koma patapatayo sanapezeke.

Fatsani anali atafika pa chigawo chachikulu cha filimuyo, pamene khamu la achinyamata laima m'chigwa kuyang'ana kuphiri. Khamulo analipanga yekha kuchokera kwa ana ochepa aja, choncho nkhope iliyonse ankaidziwa, chifukwa inali yomweyomweyo yobwerezedwa, apa yovala chipewa, apo yotembenuzidwa. Masana ena, akuyang'anitsitsa m'mphepete mwa chithunzicho, anaona mtsikana amene iye sanamupange. Anaima chakumanzere, payekha, atafulatira kamera. Anavala yunifolomu ya buluu yomamatira pathupi. Miyendo yake sinkaoneka kuyambira m'mawondo, ngati waima pamalo otsika.

Anaganiza kuti ndi mwana wa m'deralo amene analowa m'chithunzi osaonedwa. Anamufufuta, ntchito ya kanthawi kochepa, n'kupita kukadya chipisi. Pobwera anamupeza ali pomwepo. Anamufufutanso, anasunga, anazimitsa kompyuta, anachotsa ndi chingwe chomwe kukhoma. M'mawa mwake mtsikanayo anali ataima pamalo ake, ndipo Fatsani atavala mahedifoni anamva, pansi pa nyimbo ndi mphepo yopanga, kaphokoso ka madzi oyenda, ndi kena ngati munthu woima m'madzimo akusinthanitsa miyendo chifukwa cha kuzizira.

Anaimbira a Namakhwa. Mkuluyo anabwera, anayang'ana, n'kuseka mpaka mpando kulira.

“Mphwanga, ameneyu usamuchotse. Akuopsa kuposa ana anga onse pamodzi. Wamupanga bwanji?”

“Sindinamupange ine, akulu.”

“Ndiye kompyuta yako yayamba nzeru kuposa iwe. Musiye.”

Koma potuluka a Namakhwa sanatembenukenso kuyang'ana chithunzicho, ndipo masiku otsatira ankangoimba foni, kukwera masitepe aja ayi.

Madzulo a tsiku limenelo kunali kamvula kowaza. Fatsani anaima pasiteji kudikira minibasi, anthu ali ochepa, aliyense atakumbatira katundu wake. Kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, anamva mawu a mtsikana, aulemu, otopa.

“Achimwene, kwathu ndi pati?”

Anatembenuka. Panali bambo wina wokalamba atanyamula nkhuku, akuyang'ana kumsewu. Fatsani anamufunsa ngati wamva munthu akulankhula. Bamboyo anangoyang'ana pansi pafupi ndi nsapato za Fatsani, pamene panali kadziwe ka madzi ofiira pa phula lakuda, kenako anasuntha n'kukaima patali. Minibasi itabwera, bamboyo anaisiya kuti ipite.

Kunyumba anapeza Esinta atakhala pamkeka, nkhope ili yolemera. Anali atachokera kokaona anthu amene napolo anawasiya opanda pokhala, omwe ankagona m'makalasi a sukulu ina, ndipo kumeneko anakumana ndi mayi Nangondo, amene kale ankagula zovala pa benchi lake. Mayiwo anapulumuka chifukwa usiku wa matopewo anali kuchipatala kudikirira m'bale wawo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Enelesi, wa Fomu 2, anali m'nyumba, ndipo thupi lake silinapezeke. Matope asanaume, ngodya ya maziko idakaonekera, mayi Nangondo anazika kamtengo pamene panali chipinda cha mwanayo. Nsalu imene anamangapo anaing'amba pa yunifolomu yake, chinthu chokha cha Enelesi chimene chinatsala, chifukwa inali kwa telala kukaitalikitsa, mwanayo atakula msanga.

Esinta anafotokoza kuti achibale akubwera Loweruka kuchokera kumudzi. Mwa mwambo wawo, munthu akasowa thupi amaika m'bokosi thunthu la nthochi, pamodzi ndi dothi lotapa pamalo enieni pamene anagona, kuti mzimu wake utsatire dothilo n'kukapeza manda kwawo. Koma wina anazula kamtengo kaja, ndipo mvula inakwirira maziko onse. Tsiku ndi tsiku mayi Nangondo ankayenda m'chigwamo kuyambira m'mawa, kukwera ndi kutsika, osapeza pamene panali khomo lawo.

“Munthu wake ndi wamtima wotani?” anatero Esinta. “Kaya anafuna nkhuni, kaya chiyani. Koma choipa chitsata mwini.”

Fatsani anavomera ndi mutu. Chakudya anachisiya, ananamizira kuti mutu ukumupweteka, n'kukagona atayang'ana kukhoma. Manyazi anamugwira, ndi mantha, koma choposa zonse chinali chisoni chodziwa kuti sanazule kamtengoko chifukwa cha njala kapena nkhanza. Anakazula pofuna kupeputsa ntchito ya masiku angapo.

M'mawa anathamangira ku Limbe kukafufuza m'zithunzi zake zonse. Akanapeza chimodzi chokha chooneka kamtengo, akanayeza ndi mwala waukulu wa paphiri n'kudziwa malowo. Anatsegula chigawo ndi chigawo. Monse munali moyera, dothi losalala, lopanda chipsera, monga mmene ankadzitamira. Kwa nthawi yoyamba anadana ndi manja ake.

Apo ndi pamene nzeru ya wamantha inamubwerera. Anayang'ana mtsikana wa m'chithunzi uja n'kudziuza kuti mzimu sungaime pachabe, waima pakhomo pake, ukulozera anthu malo. Ndiye panalibe chifukwa choti iye aulule kanthu. Akangowaonetsa mayi Nangondo chithunzicho, dothi lidzatapidwa, maliro adzachitika, ndipo iye adzakhala munthu wabwino amene anathandiza. Mtima unatsika pang'ono. Anaiwala kuti mlandu suwola.

Lachisanu masana anatenga laputopu, n'kuuza Esinta kuti anajambulako filimu kuchigwa kuja ndipo mwina muli chothandiza. Esinta anadabwa, chifukwa za kujambula kumeneko anali asanamuuzepo, koma sanafunse. Anamanga chitenje n'kunyamuka naye.

Anakawapeza mayi Nangondo m'mphepete mwa chigwacho, atakhala pamwala, mapazi ali ofiira ndi dothi. Anali mayi wochepa thupi, wa maso ouma, ooneka kuti misozi inawathera kalekale. Atapatsana moni, Fatsani anagwada pambali pawo, anatsegula laputopu, anaitchinga ndi jekete kuti kuwala kusasokoneze, n'kuyendetsa chigawo chija. Panaoneka thambo lofiira, khamu la ana a sanza, utsi wopanga ukukwera kuphiri. Mayiwo anayang'ana zonsezo osasintha nkhope. Kenako maso awo anafika kumanzere n'kuima.

Mtsikana wa m'chithunziyo anali atapendeketsa mutu, dzanja limodzi litagwira chigongono cha linzake kumbuyo. Mayi Nangondo anatambasula chala, koma sanakhudze galasi.

“Ndi Enelesi,” anatero motsitsa. “Amaima choncho ndikamuchedwetsa pachipata.”

Fatsani anayamba kufotokoza mwachangu kuti akayeza ndi mwala wa paphiri uja atha kuwasonyeza pamene mwanayo waima, ndipo pamenepo ndiye pakhomo pawo. Mayiwo anakweza maso kuyang'ana phiri, anayang'ananso chithunzi, kenako chigwa. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

“Ayi, bambo. Malo enieni andisokonekera, koma nyumba yanga inali pakati, sinali kumphepete. Apo waimapo ndi m'ngalande. Mwana wanga akutani m'madzi?”

Kumanzere kwawo, m'ngalande muja, madzi ankamveka akuyenda, phokoso lomwe lija la m'mahedifoni. Tsopano Fatsani anamvetsa. Mtsikanayo sankalozera aliyense malo. Anatsatira nsalu ya yunifolomu yake kumene inaponyedwa, ndipo masiku onsewa, mvula ndi usiku womwe, anali ataima m'madzi kudikira.

“Mayi,” anatero Fatsani, “kamtengo kanu ndinazula ndine. Ndinakaponya mmenemo.”

Esinta anagwira pakamwa. Mayi Nangondo sanakuwe, sanatukwane, ndipo Fatsani akanakonda akanatero. Anangomufunsa chifukwa chake. Iye anafunafuna yankho looneka bwino, koma silinapezeke, ndiye ananena zoona, kuti kankawononga chithunzi.

“Chithunzi,” anabwereza mayiwo, ngati akulawa mawuwo.

Fatsani anavula nsapato n'kutsikira m'ngalande. Madzi anali ofika m'mawondo, ozizira ngati a m'mamawa. Sanafufuze nthawi yaitali. Kamtengoko kanali katakodwa pakati pa miyala iwiri, nsalu ya buluu ikugwedezeka m'madzi. Pamwala wa pambali pake, poumako pang'ono, panali patapata wa Esinta, ataikidwa bwinobwino moyandikana, monga amachitira mwana wophunzitsidwa akabwereka chinthu cha eni. Fatsani sanamukhudze patapatayo. Anatola kamtengo n'kukwera.

Anakapereka ndi manja awiri. Mayi Nangondo anafinya nsaluyo madzi, anaiwongola ndi zala, anaimanganso mfundo yolimba. Kenako anamubwezera.

“Munazula ndinu, bambo. Kazikeni pamene munakapeza. Abale anga afika mawa m'mawa.”

Fatsani analowa m'chigwamo kamtengo kali m'manja. Dzuwa linali litapendeka, ndipo dothi linali lofiira mbali zonse, losalala, lofanana, lopanda maziko, lopanda bowo, lopanda chilichonse chosonyeza kuti panakhalapo munthu. Linali ndendende ngati la m'filimu yake. Anayesa kukumbukira pamene panaima kamera, pamene ana anayambira kuthamanga, koma chimene chinkabwera m'mutu mwake chinali chithunzi choyeretsedwa chija, chifukwa ndi chimene anachiyang'ana masiku ambiri.

Atayenda pang'ono anamva mapazi kumbuyo kwake, ang'onoang'ono, onyowa, akuti tchapu tchapu m'matope. Sanatembenuke. Kumwala kuja Esinta anali atayamba kupemphera chamumtima, ndipo mayi Nangondo anaimirira, maso awo ali pa chinachake chimene chinali kumbuyo kwa Fatsani, chofika m'mapewa ake.

Chiyembekezo chinamugwira. Anati mwana sangaiwale pakhomo pa amayi ake, amutsogolera. Anachepetsa liwiro kuti mapaziwo amupitirire. Nawo anachepetsa. Anaima, nawo anaima. Anakhotera kumanja, anakhota naye. Anabwerera kumanzere, anabwerera naye, moleza mtima, osatsala, osapitirira.

“Enelesi,” ananong'ona, “ndisonyeze.”

Yankho linabwera pafupi ndi khutu lake, laulemu, lotopa, lomwe lija la pasiteji.

“Achimwene, kwathu ndi pati?”

Mdima unayamba kutsika kuchokera kuphiri. Amene ankadutsa mumsewu madzulo amenewo amati anaona mwamuna wopanda nsapato akuyenda pakati pa chigwa atanyamula kamtengo, akuima apa, kuloza pansi, kukweza, n'kupitanso patsogolo, ndipo kumbuyo kwake m'matope munkatsala mizere iwiri ya mapazi.